Mpweya ngati mankhwala: mafunso ndi mayankho okhudza maso ndi mtima wa anthu achikulire

Mafunso awa ndawatolera kwa makolo athu olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Dzivaresekwa ndi Epworth. Ena anandiimitsa potuluka m'tchalitchi, ena anandifunsa tili pamaliro, ndipo ena anatuma adzukulu awo kuti andilembere pa WhatsApp. Chimene chinabutsa nkhaniyi ndi mauthenga amene akuzungulira m'mafoni, onena kuti kwabwera mpweya wochiritsa umene ukutsegula maso a okalamba ndi kutsuka mitsempha ya mumtima. Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri muno mu Harare, ndipo ndaona kuti m'mauthenga amenewa muli zoona pang'ono zimene azikulunga m'malonda ambiri, choncho ndi bwino kuti tizipatule.

Kodi n'zoona kuti mpweya ungakhale mankhwala?

N'zoona, ndipo si nkhani ya lero. Okosijeni amene wodwala chibayo amapumira pa machubu a m'mphuno ndi mankhwala, ndipo dokotala amalemba muyezo wake monga amachitira ndi mapiritsi. Chimene chili chatsopano n'chakuti asayansi anapeza kuti thupi lathu limapanga lokha mitundu ina ya mpweya imene kale tinkangoidziwa ngati poizoni, ndipo limaigwiritsa ntchito potumiza mauthenga kuchokera ku selo lina kupita ku linzake. Mitundu itatu yodziwika bwino ndi nitric oxide, carbon monoxide ndi hydrogen sulfide. Palinso hydrogen, amene maselo athu sapanga koma akufufuzidwa kwambiri, makamaka ku Japan ndi ku China. Pa mitundu yonseyi, nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Mpweya umene ukuteteza selo uli wochepa kwambiri ndi womwewo umene ungaphe munthu ukachuluka, ndipo malire a ziwirizi nthawi zina amakhala opyapyala.

Kodi nitric oxide amachita chiyani mumtima ndi m'mitsempha?

M'chaka cha 1980, wasayansi wa ku New York dzina lake Robert Furchgott ankayesa tizidutswa ta mtsempha waukulu wa kalulu. Iye anaona kuti kadutswa kamene kakhungu kake ka m'kati kanali kabwinobwino kankamasuka akakathira mankhwala ena, koma kamene kakhunguko kanakhulidwa sikankamasuka. Anazindikira kuti kakhungu kopyapyala kameneka kamatulutsa chinachake chimene chimauza minofu ya mtsempha kuti ileke kufinya. Panapita zaka zingapo anthu asakudziwa kuti chinthucho n'chiyani, mpaka mu 1987 pamene Louis Ignarro ku America ndi Salvador Moncada ku Britain anasonyeza kuti ndi mpweya wa nitric oxide. Mu 1998, Furchgott, Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mpweyawu umakhala kwa timasekondi tochepa chabe usanathe, koma m'kanthawi kameneko umatakasa mtsempha, umatsitsa BP, ndiponso umaletsa timagazi toundana kumatirira m'mbali mwa mtsempha. Munthu akamakula, makamaka ngati ali ndi shuga, BP yokwera kapena amasuta, kakhungu kaja kamafooka ndipo nitric oxide amachepa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mitsempha ya okalamba imaumira ndi kutsekeka msanga. Kupuma nitric oxide kuchokera m'botolo kunavomerezedwa ku America mu 1999, koma osati kwa okalamba odwala mtima. Anavomereza kwa makanda ongobadwa kumene amene mitsempha ya m'mapapo awo yakana kutseguka, ndipo muyezo wake ndi magawo 20 okha pa magawo 1 miliyoni a mpweya umene khandalo likupuma, anamwino akuyang'anira usana ndi usiku.

Bambo anga amaika kapiritsi pansi pa lilime pachifuwa pakawapweteka. Kodi kakugwirizana ndi nkhani imeneyi?

Kakugwirizana kwambiri. Kapiritsi kameneko ndi nitroglycerin, amene kuchipatala amamutchula kuti GTN, ndipo akalowa m'magazi amasanduka nitric oxide yemweyo, mitsempha n'kumasuka, mtima n'kupepukidwa ntchito. Dokotala wa ku London, William Murrell, anayamba kulemba za mankhwalawa mu 1879, zaka pafupifupi 100 anthu asanadziwe mmene amagwirira ntchito. Ngakhale Alfred Nobel mwini wake, amene analemera chifukwa cha zophulitsira miyala zopangidwa ndi nitroglycerin, madokotala anamulembera mankhwala omwewa atadwala mtima chakumapeto kwa moyo wake.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha ana osamalira makolo kuti azigwire. Choyamba, timapiritsi timeneti timatha mphamvu msanga tikachotsedwa m'kabotolo kake kagalasi. Ndaonapo agogo ambiri atatimanga m'kapepala pa nsonga ya chitenje kapena kutiika m'thumba la jekete limene limakhala padzuwa, ndipo tsiku lofunika tinali titasanduka ufa wopanda ntchito. Kabotolo kakatsegulidwa, pakatha milungu isanu ndi itatu mufunse katsopano. Bambo azikhala pansi asanakaike pansi pa lilime chifukwa kamachititsa chizungulire, ndipo ululu ukapanda kutha patatha mphindi zisanu ataika kachiwiri, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala. Chachiwiri n'chovuta kukamba ndi kholo, koma chiyenera kukambidwa. Mankhwala owonjezera mphamvu za abambo, monga Viagra ndi anzake amene ena amagula mumsewu, amadzera njira yomweyi ya nitric oxide. Munthu akaphatikiza awiriwa, BP ingagwe mwadzidzidzi mpaka kukomoka kapena kumwalira.

Nanga maso akubweramo bwanji pa nkhani ya mtima?

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kansalu kameneka ndi kamodzi mwa ziwalo zimene zimadya okosijeni wambiri m'thupi lonse poyerekeza ndi kuchepa kwake, ndipo kamadalira timitsempha ting'onoting'ono tokhala kuseri kwake. Chilichonse chowononga mitsempha ya mumtima, kaya ndi BP, shuga, mafuta ochuluka m'magazi kapena fodya, chimawononganso timitsempha timeneti. N'chifukwa chake dokotala wa maso akaunika m'diso nthawi zina amayamba ndi iye kukuuzani kuti mukayezetse BP. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni. Asayansi ofufuza za mpweya amayang'ana diso ndi mtima pamodzi chifukwa m'ziwalo zonse ziwiri vuto limayamba ndi kuchepa kwa magazi ofika, kutupa kwa m'kati, ndi tizinthu towononga maselo timene timapangika pamene thupi likugwiritsa ntchito okosijeni.

Kodi matenda a macula ndi ng'ala yomwe ija?

Ayi, ndipo kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa chithandizo chake n'chosiyana. Ng'ala ndi kuchita chifunga kwa kagalasi ka kutsogolo kwa diso, ndipo imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona. Ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona agogo akutsogoleredwa ndi mdzukulu kwa zaka chifukwa choopa mpeni, pamene vuto lawo ndi limene madokotala amalitha bwino kuposa ena onse.

Macula ndi kadera kakang'ono pakati pa retina kamene timawerengera, kutungira ulusi pa singano ndi kuzindikira nkhope. Kakawonongeka chifukwa cha ukalamba, munthu amaonabe m'mbali, amayenda yekha osagunda zinthu, koma akayang'ana nkhope ya mwana wake amaona banga lakuda kapena lotuwa pakati, ndipo mizere yowongoka monga ya chitseko imaoneka yokhota. Akatswiri anawerengera mu 2014 kuti pofika 2020 anthu okhala ndi matendawa padziko lonse adzakhala 196 miliyoni, ndipo pofika 2040 adzafika 288 miliyoni. Pali mtundu wouma umene umapita pang'onopang'ono, ndi mtundu wonyowa umene timitsempha tachilendo timamera pansi pa retina n'kumadontha. Wonyowawu umachizidwa ndi jakisoni wobaya m'diso, monga ranibizumab amene anavomerezedwa mu 2006, kapena bevacizumab amene ndi wotsika mtengo. Komabe ndinene poyera kuti kwa ife anthu akuda, matenda a macula ofika poipa sapezeka kawirikawiri ngati kwa azungu. Mdani wathu wamkulu ndi glaucoma, amene amawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kuyambira m'mbali, popanda ululu, ndipo amatigwira tikadali ocheperapo zaka. Mayi anga omwe anataya diso limodzi ndi glaucoma tisanazindikire kalikonse, ine ndili namwino kale, ndipo kuyambira pamenepo sindilola m'bale aliyense wopitirira zaka 40 kukhala osayezetsa pulesha ya m'maso.

Ndiye pali mpweya umene ukuchiza matenda a maso amenewa?

Palibe mpweya wopuma kapena wakumwa umene wavomerezedwa kuchiza macula, ng'ala kapena glaucoma. Zimene zilipo ndi izi. Pa glaucoma pali mankhwala odontheza m'maso otchedwa latanoprostene bunod, amene anavomerezedwa ku America mu 2017. Akalowa m'diso amatulutsa nitric oxide, amene amathandiza kumasula ngalande zotulutsira madzi a m'diso kuti pulesha itsike. Pa hydrogen, ofufuza a ku Japan anayesa madzi odontheza m'maso a makoswe amene retina yawo inasowa magazi, ndipo anaona kuti maselo ochepa ndi amene anafa, koma diso la khoswe la mu labotale silinayende zaka 75 ndi shuga ndi BP monga diso la agogo.

Mpweya umene madokotala a maso amagwiritsadi ntchito tsiku ndi tsiku umagwira ntchito mwa njira ina. Retina ikamatuka kumbuyo kwa diso, kapena macula ikabooka, dokotala amaika thovu la mpweya m'kati mwa diso kuti likankhire kansaluko pamalo ake mpaka katamatirira. Mpweya wake ndi sulfur hexafluoride, amene amatha pakadutsa milungu iwiri, kapena perfluoropropane, amene amakhala milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu. Thovu lomweli amaligwiritsanso ntchito pokankha magazi amene atayikira pansi pa macula. Wodwala amaona ngati akuyang'ana m'madzi, ndiye pakapita masiku amayamba kuona mzere wogwedezeka umene umatsika pang'onopang'ono, mpaka kutsala kadontho kakuda pansi kamene tsiku lina kamangosowa. Ena amauzidwa kuti akhale choweramitsa nkhope kwa masiku angapo, ndipo pamenepo pamafunika abale odekha owathandiza.

Amalume anachitidwa opaleshoni yotereyi kunja. Angakwere ndege kubwerera ku Harare?

Asakwere mpaka dokotala amene anawachita opaleshoniyo atatsimikiza kuti thovu latheratu. Munthu akakwera m'mwamba, mpweya wa m'diso umafutukuka, pulesha imakwera mwadzidzidzi, magazi amaleka kufika ku retina, ndipo diso lingachite khungu losabwerera m'kanthawi kochepa. Ngakhale ulendo wa pamsewu uyenera kufunsidwa, chifukwa Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yaikulu, choncho wochokera ku Durban kapena ku Beira amakhala akukwera, ndipo wopita ku mapiri a ku Nyanga amakweranso kuposa pamenepo. Chinanso, pa nthawi yonse imene thovu lili m'diso, munthu asapatsidwe nitrous oxide, mpweya wogonetsa ndi wopha ululu umene amagwiritsa ntchito ku opaleshoni ndi kwa madokotala ena a mano, chifukwa umalowa m'thovumo n'kulikulitsa. Ngati anawaveka kachibangili kochenjeza padzanja, asakavule.

Mnzanga akugulitsa botolo lopanga madzi a hydrogen. Ndigule?

Langizo langa ndi lakuti ndalama imeneyo muisungire mapiritsi a BP ndi ulendo wokayezetsa maso. Chidwi pa hydrogen chinayamba mu 2007, pamene gulu la Shigeo Ohta ku Nippon Medical School linalemba m'magazini ya Nature Medicine kuti makoswe amene anapuma hydrogen wokwana 2 peresenti ubongo wawo sunawonongeke kwambiri magazi atatsekeka n'kubwereranso. Zimenezi zinali zofunika ndipo zinatsegula khomo la kafukufuku wambiri. Ku Japan komweko anayesa kupumitsa hydrogen anthu amene mtima wawo unaima n'kudzutsidwa. Zotsatira zake zinatuluka mu 2023, ndipo zinali ndi zizindikiro zopatsa chiyembekezo, koma kafukufukuyo anaimitsidwa msanga chifukwa cha COVID-19 atangofikira anthu 73, ndipo funso lake lalikulu silinayankhidwe motsimikizika. Onaninso kuti awa anali odwala mwakayakaya opumira makina m'chipatala, osati anthu omwa madzi pakhomo. Madzi okwana lita imodzi amasunga hydrogen wosapitirira mamiligalamu 1.6, ndipo amathawa botolo likangotsegulidwa. Makina opumira pakhomo ali ndi ngozi yawo, chifukwa hydrogen akapitirira 4 peresenti mumpweya wa m'chipinda amayaka. Madziwo paokha sangakupwetekeni. Chimene ndimaopa n'chimene ndachionapo, munthu kusiya mapiritsi ake pokhulupirira botolo, kenako n'kubwera ziwalo za mbali imodzi zitafa.

Mwatchula carbon monoxide. Si uja amapha anthu ogona ndi mbaula?

Ndi yemweyo. Thupi limapanga wochepa kwambiri pamene likuphwanya maselo ofiira a magazi amene akalamba, ndipo njira imeneyi inafotokozedwa mu 1968. Pamuyezo wochepawo amathandiza kuchepetsa kutupa, n'chifukwa chake ku America anamuyesa mosamala pa odwala mapapo owerengeka. Palibe dziko limene lamuvomereza ngati mankhwala a mtima kapena maso.

Kwa ife kuno, carbon monoxide ndi nkhani ya June ndi July. Magetsi apita, kunja kukuzizira, banja lili m'chipinda chimodzi cha lendi, mbaula ya makala yalowetsedwa m'nyumba, zenera latsekedwa, ndipo pansi pa chitseko patsekedwa ndi chiguduli. Mpweyawu ulibe fungo ngakhale mtundu, ndipo umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Amene adzuke m'mawa amadzuka ndi mutu waukulu, nseru ndi miyendo yolobodoka, ndipo ena sadzuka. Wokalamba amene mitsempha yake ya mumtima ndi yopapatiza kale amayamba kumva kupweteka pachifuwa ena onse asanamve kanthu. Mbaula izitulutsidwa anthu asanagone, jenereta izikhala panja kutali ndi mazenera, ndipo mukapeza anthu a m'nyumba imodzi onse akudandaula mutu nthawi imodzi, atulutseni panja ndi kupita nawo kuchipatala kuti akalandire okosijeni. Utsi wa fodya nawonso uli ndi carbon monoxide. Makolo athu ambiri anakalambira m'mafamu a fodya ndipo chingambwe anachizolowera ali anyamata, koma pa zinthu zonse zimene munthu angathe kusintha, kusuta ndiko kumakulitsa kwambiri ngozi ya matenda a macula, ndipo kusiya kumathandiza ngakhale pa zaka 70.

Nanga hydrogen sulfide?

Ndi mpweya wonunkha ngati mazira owola, umene umapha anthu olowa m'maenje a zonyansa za kuchimbudzi. Mu 1996, Kazuho Abe ndi Hideo Kimura anasonyeza kuti thupi limaugwiritsa ntchito mu ubongo, ndipo pa nyama za mu labotale unateteza mtima. Koma pamene madokotala a ku Groningen ku Netherlands anapereka mankhwala otulutsa mpweyawu kwa anthu amene mtsempha wa mumtima unatsekeka, zotsatira za mu 2022 zinasonyeza kuti bala la pamtima silinachepe. Umu ndi mmene kafukufuku weniweni amayendera, ndipo paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Popeza okosijeni ndi wabwino, bwanji osangogula botolo kuti agogo azipumako tsiku lililonse?

Chifukwa okosijeni amathandiza munthu amene akupereweredwa, ndipo kwa amene magazi ake ali nawo wokwanira sawonjezera kanthu. Ku Sweden anayesa zimenezi pa anthu 6,629 amene ankaganiziridwa kuti mtsempha wa mumtima watsekeka koma okosijeni wawo anali bwino. Zotsatira za mu 2017 zinasonyeza kuti patatha chaka, imfa zinali zofanana pakati pa amene anapatsidwa okosijeni ndi amene sanapatsidwe. Masiku ano odwala otere amapatsidwa okosijeni pokhapokha kachipangizo kopanira chala kaja kakasonyeza pansi pa 90. Mbiri ya maso ili ndi chenjezo lowawa kuposa pamenepa. M'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa 1950, makanda obadwa masiku asanakwane ankapatsidwa okosijeni wambiri ndi cholinga chabwino, ndipo zikwi zambiri anachita khungu, mpaka dokotala Kate Campbell wa ku Melbourne atasonyeza mu 1951 kuti vuto linali okosijeniyo. Ponena za mpweya wina wotchedwa ozone, umene ena amati umatsuka magazi, bungwe loona za mankhwala ku America limamutchula kuti mpweya wapoizoni wopanda ntchito yodziwika ya chipatala, ndipo ine sindingalole m'bale wanga kupatsidwa.

Kodi chakudya chingathandize thupi kupanga nitric oxide?

Chingathandizeko. Ndiwo zamasamba obiriwira ndiponso beetroot zili ndi mchere wachilengedwe wotchedwa nitrate, umene tizilombo tabwino ta palilime timausintha, thupi n'kuumalizitsa kukhala nitric oxide. Ofufuza a ku London anasonyeza mu 2008 kuti madzi a beetroot amatsitsa BP kwa maola angapo. Kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri ku America ndi ku Australia anapezanso kuti odya masamba ambiri sadwala kawirikawiri glaucoma ndi macula yongoyamba kumene, ngakhale kuti kafukufuku wotere satsimikiza kuti masambawo ndiwo achititsa. Mpiru, lepu, bonongwe ndi nkhwani zili pa msika wa Mbare Musika ndiponso m'timadimba ta kuseri kwa nyumba. Muziphika ndi mchere wochepa, ndipo muziyenda tsiku lililonse, chifukwa magazi akamayenda mwamphamvu kakhungu ka m'mitsempha kaja kamatulutsa nitric oxide wambiri. Zimenezi zimayendera limodzi ndi mapiritsi, sizilowa m'malo mwake. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa dokotala asanasinthe kwambiri kuchuluka kwa masamba amene amadya.

Wina akatiitana kuti tilowe m'kafukufuku wa mpweya wochiritsa, tidziwa bwanji kuti ndi weniweni?

Mu Zimbabwe, kafukufuku aliyense wa zaumoyo wochitika pa anthu amayenera kuvomerezedwa ndi Medical Research Council of Zimbabwe, ndipo woyesa mankhwala amafunikanso chilolezo cha Medicines Control Authority of Zimbabwe, bungwe lomwe limalembetsa mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Pemphani kuona makalata a mabungwe awiriwa. Ofufuza enieni amakupatsani chikalata chofotokoza ngozi zake, amakulolani kupita nacho kunyumba kuti mukakambirane ndi ana anu, amakufotokozerani m'chilankhulo chimene mukumva, ndipo mukhoza kutuluka tsiku lililonse popanda kutaya chithandizo chanu cha nthawi zonse. Ngati akukulipiritsani kuti muyesedwe, kapena akukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala osauza dokotala wanu, bwererani.

Ndipo ngati chimene chikukuvutani ndi maso enieniwo, yambirani ku kiliniki ya kwanu kuti akulembereni kalata yopita ku Sekuru Kaguvi Eye Hospital, imene ili ku Parirenyatwa. Kwa abale amene ali kumudzi ku Malawi, zipatala za maso zili ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndiponso ku Nkhoma. Popita mutenge mapiritsi onse amene mukumwa, kabuku kanu ka BP ndi shuga, ndi munthu wokuperekezani, chifukwa mankhwala amene amadontheza kuti aone bwino m'kati mwa diso amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo. Diso likasiya kuona mwadzidzidzi, ngakhale popanda ululu, kapena mukaona ngati chinsalu chakuda chikutsika kuchokera m'mbali, musadikire kalata, pitani tsiku lomwelo.